Galimoto yakale ikonzedwe moyenera msewu wa Mzuzu

Galimoto zakale zikadalipo mu Mzuzu muno. Peugeot 504, Nissan 1400, Corolla ya m'ma 1980 ndi Land Cruiser yakale zimapezeka m'magalaja a ku Luwinga ndi ku Chibavi, ndipo zina zikuyendabe. Ine ndimakondwa ndikaona wachinyamata akugula galimoto yotere, kuchotsa dzimbiri, kuwotcherera pomwe panaboka n'kuipaka penti yatsopano. Chomwe sindigwirizana nacho ndi zimene timachita tikafika pa masipuling'i.

Pali magulu awiri. Loyamba ndi la anyamata okonda zooneka bwino, amene amadula masipuling'i ndi gulayinda kuti galimoto itsike pafupi ndi nthaka, kenako n'kuikapo malimu akuluakulu ndi matayala opyapyala. Lachiwiri ndi la eni matola, amene amaonjezera zitsulo pa masipuling'i akumbuyo kuti pikapu isagwade ikasenza matumba a chimanga ndi anthu pamwamba pake. Wina akutsitsa, wina akukweza, koma onse akuchita ngati sipuling'i imagwira ntchito payokha.

Kutsitsa galimoto kuli ndi kwawo. Kunayamba ndi anthu ochokera ku Mexico okhala ku Los Angeles m'ma 1940, ndipo ku California boma linakhazikitsa lamulo loletsa mchitidwewu mu 1958, lomwe lachotsedwa mu 2024. Kumeneko misewu ndi yosalala, ndipo ambiri amaika zipangizo zotsitsa ndi kukweza galimoto akafuna. Ife tangotengako chithunzi cha pa Instagram, zipangizozo tazisiya. Sipuling'i yodulidwa imauma, imatha kuchoka pamalo pake tayala likagwera m'dzenje, ndipo mashoko amatha msanga chifukwa alibenso mpata wogwirira ntchito. Tsono tangoganizani galimoto yotere pa mahampu a m'tauni, kapena m'matope a ku Zolozolo ndi ku Mchengautuwa mvula ikagwa sabata yathunthu. Chiwaya cha oyilo chikagunda mwala, injini yomwe yapirira zaka 40 imatha tsiku limodzi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti galimotozi zinatchuka chifukwa cha zomwe tikuzidulazo. Peugeot 504 inatuluka mu 1968, ndipo inakondedwa mu Africa chifukwa inali yotalikira kumwamba komanso masipuling'i ake ankameza mabampu. Inapambana mpikisano wa Safari Rally ku Kenya mu 1975. Nissan 1400 inapangidwa ku South Africa mpaka 2008 chifukwa inali yosavuta kukonza. Munthu akaidula miyendo galimoto yotere, wachotsa chimene chinaisunga mpaka lero.

Nkhani ya matola ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa imakhudza anthu amene sanafunsidwe maganizo. Ukaonjezera zitsulo, pikapu imaoneka yowongoka ngakhale yalemedwa, koma mabuleki, matayala ndi ekiselo zimakhala zomwe zija. Kulemera konse kwa galimoto pamodzi ndi katundu wake kukachuluka kawiri, kutentha kumene mabuleki amapanga poimitsa galimoto kumachulukanso kawiri. Pamtsetse wa Chiweta kapena potsikira ku Nkhata Bay, mabuleki otentha amasiya kugwira. Katundu wosanjikizana m'mwamba amapangitsanso kuti galimoto igubuduzike msanga pokhota. Amene amakwera pamwamba pa matumbawo ndi ife tomwe, ophunzira opita kwathu patchuthi, pamodzi ndi amayi athu ochokera kumsika.

Ndikudziwa kuti pali chowiringula chomveka. Sipeya zenizeni za galimoto zakale n'zosowa, ndalama zakunja zikuvuta, ndipo mwini matola akapanda kudzaza, mafuta amudya phindu lonse. Amakaniko athu nawonso ndi aluso, amadzutsa galimoto yomwe kwina akanaitaya kalekale. Sindikunena kuti galimoto yakale isasinthidwe. Kuika mashoko atsopano, kusintha mabushi otha, kuika chitsulo choteteza injini kunsi, ngakhale kuikweza pang'ono ndi masipuling'i opangidwira ntchitoyo, zonsezi n'zanzeru pa misewu yathu. Koma kusowa ndalama sikusintha kulemera kumene mabuleki angathe kuimitsa.

Nthambi ya boma yoona za pamsewu, imene imapereka COF, iyenera kumayang'ana kunsi kwa galimoto ndi maso omwewo amene imayang'anira magetsi ndi matayala. Sipuling'i yodulidwa kapena yowotcherera siyenera kudutsa. Anzanga amene mukuphunzira zokonza galimoto ndi uinjiniya, apa ndi pamene sukulu yanu ingathandize: kuwerengera katundu amene galimoto ingasenze, n'kumufotokozera mwini wake m'chilankhulo chomwe akumva.

Thupi la galimoto lipakeni mtundu uliwonse womwe mtima wanu wafuna, palibe amene angavulale ndi penti. Koma musanapereke gulayinda kwa makaniko, kumbukirani kuti pamsewu simukhala nokha.