Muimba Sunatembereredwe

Kuyambira pa Katete kufikira ku Sinda ndi ku Vubwi kwafala chiphunzitso chimene chimayenda pa WhatsApp, nichimvekanso m'misonkhano ya chitsitsimutso ngakhale pa maliro pomwe, chonena kuti chiombankhanga ndicho mbalame ya Mulungu popeza sichikhudza chakufa, koma muimba ndiwo mbalame yotembereredwa imene Malembo anaiika pakati pa zonyansa. Ndipo ena, pofuna kukometsa nkhani, amaonjeza kuti wopha muimba alibe tchimo. Ife tikukana mawu amenewa, ndipo mboni yathu ndi Buku lomwelo limene abale athuwa amanyamula m'khwapa.

Pa Levitiko 11, pamene Mose awerenga mbalame zosadyedwa, imene aitchula poyamba penipeni ndiyo ija Ahebri amati nesher, yomwe Baibulo la Chingerezi la King James la 1611 limaitcha eagle. Kotero ngati kulembedwa m'ndime imeneyo ndilo temberero, mbalame yotamandidwayo ndiyo yayamba kutembereredwa. Komatu lamulolo linali la chakudya basi. M'chaputala chomwecho muli kalulu, muli nkhumba, mulinso mbewa, ndipo sitinamvepo mlaliki wa kuno akutemberera anyamata ogulitsa mbewa zopana m'mbali mwa msewu wa Great East, kapena kukana nthuli ya nkhumba yootcha pamsika.

Nanga nesher ameneyu ndi mbalame yanji? Mneneri Mika, pa 1:16, auza anthu olira kuti amete mpala kufikira mutu ufanane ndi wa nesher. Ndipo aliyense amene anawetapo ng'ombe adziwa kuti chiombankhanga chili ndi nthenga mpaka pamphumi, pamene muimba ndiwo wadazi, wa khosi lalitali losenduka, limene umalilowetsa m'mimba mwa nyama yakufa ndi kulitulutsa osadetsa nthenga. Pa Yobu 39 Mulungu mwini asimba za nesher womanga chisa pathanthwe, woona chakudya ali kutali, wopezeka pamene pagona ophedwa. Henry Baker Tristram, mbusa wa ku England amene anayendera dziko la Palestina ndi kulemba za zamoyo za m'Baibulo mu 1867, anatsimikiza kuti nthawi zambiri nesher ndi muimba waukulu wa m'matanthwe a kumeneko. Sitikunena kuti paliponse ndi muimba, pakuti Ahebri, monga ifenso, ankatha kutchula mbalame zazikulu zingapo ndi dzina limodzi. Koma liwu lomwelo ndilo lili pa Eksodo 19:4, pamene Yehova akumbutsa Israele kuti anamunyamula pamapiko, ndi pa Yesaya 40:31, ndime imene alaliki a chiombankhanga aikonda koposa. Chodabwitsa n'chakuti pamene Baibulo la King James linalemba vulture pa Levitiko 11:14, Chihebri chili ndi liwu lina, daah, limene akatswiri amati ndi kambalame kofwamba anapiye. Akuluakulu amene anatipatsa Buku Lopatulika mu 1922, motsogozedwa ndi William Murray wa ku Nkhoma, anaona bwino ndithu pa Mateyu 24:28, nalemba miimba pamene Baibulo la King James lija linaika eagles.

Zakuti chiombankhanga sichidya chakufa nazonso ndi nthano. Mu June 2019 ku Botswana anthu opha njovu anathira poizoni mitembo itatu, ndipo panafa miimba 537; pakati pake panagonanso ziombankhanga ziwiri za mtundu wa tawny eagle, zimene zinadza kudzadya nawo.

Tikadaileka nkhaniyi ngati mtsutso wa pabwalo la tchalitchi, ikadapanda kukhala ndi mtengo wake. Akale anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo muimba, ungakhale sukongola, nyimbo yake uidziwa: ng'ombe ikafera kudambo, gulu la miimba limaimaliza dzuwa lisanapendeke, kusiya mafupa ndi chikopa, ndipo m'mimba mwake muli ukali wopha tizilombo tambiri ta matenda timene galu kapena ntchentche zikanatifikitsa pakhomo. Ku India, m'zaka za m'ma 1990, mankhwala a ziweto otchedwa diclofenac anapha miimba yoposa 95 pa 100 iliyonse ya mitundu ina, kufikira boma linawaletsa mu 2006. Mitembo ya ng'ombe inatsalira agalu osokonekera, agaluwo anaswana, ndipo chiwewe chinakula. Kuno kwathu, mu 2015, bungwe loteteza zachilengedwe la IUCN linaika muimba wa msana woyera, wa mutu woyera ndi waung'ono uja wa hooded pa mndandanda wa zamoyo zotsala pang'ono kutheratu, ndipo yonse itatu imauluka m'chigwa cha Luangwa, chimene kwa mbalame yotambasula mapiko tsiku lonse sichili patali ndi makola a kwa Mbang'ombe, kwa Kawaza kapena kwa Nyanje.

Oipha ali amitundumitundu: mlimi wokwiya ndi fisi amene athira mankhwala a thonje pa mbuzi yojiwa, wosaka minyanga amene aopa kuti mbalame zozungulira m'mwamba zimuulula kwa alonda a nyama, ndi wamalonda wonyamula mitu kwa sing'anga, poti ati bongo wa muimba umalotetsa manambala a juga. Onsewa akamva paguwa kuti mbalameyo Mulungu anaitaya kale, mtima wawo ukhala pansi. Tsono muimba umaikira dzira limodzi lokha pachaka, ndipo mwana wake amatha zaka zinayi kapena kuposerapo asanayambe kuswa. Gulu limene lafera pa mtembo umodzi wa poizoni silibwereranso m'nthawi ya mbusa amene analitemberera.