Phiko lisakutidwe maso ena asanalione

Anthu akaona ndege yaing'ono yopangidwira pakhomo amathamangira kusirira injini ndi utoto, koma moyo wa woyendetsa umagona m'kati mwa phiko, momwe nsalu imabisa. N'chifukwa chake mmisiri aliyense, ngakhale waluso chotani, ayenera kuitana munthu wina wodziwa kudzayendera phiko lake asanalikute.

Chitsanzo chabwino ndi Pietenpol Air Camper, ndege yomwe Bernard Pietenpol adaikonza ku Cherry Grove, Minnesota, mu 1929, ndipo anthu akuipangabe m'magalaja mwawo mpaka lero. Phiko lake ndi lamatabwa. Mitanda iwiri ya mtengo wa spruce imayenda m'litali mwa phikolo, ndipo nthiti zake zimamatidwa ndi guluu imodziimodzi m'chikombole chimodzi kuti zonse zifanane. Thabwa la mtanda silitoledwa wamba: mizere yake isapendeke kupitirira inchi imodzi pa mainchi 15 alionse, apo ayi likhoza kuthyoka ndege ikamakhota mwamphamvu. Mfundo yomwe guluu sadalowe bwino imaoneka ngati zinzake. Nsalu ikangoyalidwa n'kukungidwa ndi simbi yotentha, zonsezi zimabisika, ndipo mmisiri amene wakhala miyezi akuyang'ana ntchito yake amakhala atazolowera zolakwa zake.

Ena amati kuitana woyendera kumachedwetsa ntchito ndipo kumalanda ufulu wa munthu wopanga chake. Mbiri ya Pou-du-Ciel imawayankha. Henri Mignet wa ku France adafalitsa pulani ya ndegeyi mu 1934, anthu ambiri n'kuipanga mokhulupirika, koma pofika 1936 angapo adali atafa nayo. Akatswiri ataiyesa m'makina opemerera mphepo adapeza kuti mapiko ake awiri, lakutsogolo ndi lakumbuyo, ankatha kuigwetsa chamutu mosabwezeka. Mwini pulani, ngakhale adauluka nayo yekha, sadalione vutolo.

Kuyenderako sikovuta. Ku America bungwe la EAA, lomwe lidayamba mu 1953, lili ndi alangizi odzipereka amene amapita kukaona ntchito ya mamembala popanda malipiro. Ku Britain oyendera a LAA amasainira gawo lililonse lofunika ntchito isanapitirire. Wakutsina khutu ndi mnansi: kuchotsa nthiti imodzi yolakwika phiko lili pa tebulo kumangotaya masiku ochepa, pamene nthiti yomweyo ikamatuka m'mwamba palibenso mpata woikonza.