Musagule Dzina, Yang'anani Chamoyocho

Ana anga, inu amene mwayamba kuweta zamoyo za m'nyanja yamchere m'mathanki agalasi, kaya muli ku Johannesburg kapena ku London, tcherani khutu, paja wakutsina khutu ndi mnansi. Nkhani ndi ya anemone wa timanja totupa kunsonga, amene ogulitsa amamutcha bubble tip, asayansi nati Entacmaea quadricolor. Imeneyi ndi nyama, si duwa, ndipo kwawo ndi m'matanthwe a m'nyanja zofunda, kuyambira ku Red Sea ndi gombe la kum'mawa kwa Africa mpaka ku Japan ndi Australia.

Kumsika mukamva mayina ambirimbiri: Rose, Green, Rainbow, Black Widow, Colorado Sunburst. Onsewa ndi mtundu umodzi wa nyama. Mayinawo anapeka ndi amalonda ndi oweta, ndipo kulibe bwalo logamula kuti uyu ndi weniweni, uyo wabodza. Chimene chilipo n'chizolowezi chabe. Rose amakhala wofiira kapena wapinki. Green ndi wobiriwira, nthawi zina molowera kofiirira, ndipo ndiye wotsika mtengo. Rainbow amabiriwira chapafupi ndi kamwa, n'kumanka nafiira polowera kunsonga. Black Widow ndi wofiira kwambiri, wa timizere toyera ngati ukonde wa kangaude. Colorado Sunburst ndi wa olenji wowala mopita kuchikasu, ndipo ameneyu ndiye amaboola matumba a anthu.

Kodi utotowo umachokera kuti? M'thupi la anemone mumakhala ndere zing'onozing'ono zotchedwa zooxanthellae. Nderezo ndi zofiirira, ndipo zikalandira kuwala zimamupangira chakudya. Pamwamba pa kufiirira kumeneko nyamayo ili ndi mapuloteni ake amene amanyezimira akawalitsidwa ndi nyali ya buluu. Choncho chimene diso likuona chimadalira nyali, chakudya ndi thanzi. Amene munawetapo mbuna za m'nyanja ya Malawi mukudziwa kale kuti nsomba imodzimodziyo imawala lero n'kuzimirira mawa. Anemone wojambulidwa pa nyali ya buluu yokhayokha, chithunzicho n'kuchikometsanso pa foni, angafike kwanu ali wofiirira wamba. Safunsa anadya phula: pemphani kuti mumuone pa nyali yoyera musanatulutse ndalama.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi anemone woyera mbee kapena wotuwa moonekera mkati, amene wosadziwa amamuyesa wosowa ndi wamtengo wapatali. Ameneyo ndi wodwala. Kutentha kwa madzi, kuwala kosayenera kapena ulendo wautali zamuthawitsira ndere zake. Choipanso n'chakuti kufiirira kukachoka, pinki kapena kubiriwira kotsalako kumawala mokopa kuposa kale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wotereyu akhoza kuchira ngati mukumudyetsa tizidutswa ta nsomba ndi kumupatsa kuwala pang'onopang'ono, koma akamachira amada, ndipo utoto umene munaugula uja umasintha. Ntchito yomuchiritsa ndi ya amene anaweta kale, osati wongoyamba kumene.

Za kutupa kwa timanja musazidalire. Anemone mmodzi yemweyo amatupa sabata ino, sabata yamawa timanja n'kutalika ngati kale sanatupepo. Yang'anani kamwa: lizikhala lotseka, osati yasaa. Yang'anani phazi limene amagwirira mwala: likakhala long'ambika, msiyeni.

Nanga dzina lilibiretu ntchito? Ili nayo pamalo amodzi. Anemone ameneyu amachulukana podzigawa pakati, ndipo zigawozo zimatenga chibadwa chonse cha kholo. Colorado Sunburst weniweni ndi amene anagawika kuchokera ku mzere womwewo, osati aliyense wa olenji. Ndiye wina akakutchulirani mtengo wa dzina, m'funseni amene anamugulitsa, ndipo akuonetseni kholo lake m'thanki. Akayamba kuzemba, lipirani mtengo wa Rose wamba kapena bwererani. Ine ndimakonda wogawika m'thanki ya woweta mnzanu kuposa wozulidwa m'nyanja, chifukwa anazolowera kale moyo wa m'galasi.

Mukafika naye kunyumba, kuona maso a nkhono n'kudekha. Thanki ikhale itagwira ntchito miyezi 6 kapena kuposa, mchere pa 1.025, kutentha pakati pa madigiri 24 ndi 27. Adzayenda yekha kufunafuna malo omuyenera, choncho tchingani mapampu angamutekedze, ndipo musamukanganule pamwala. Utoto wake weniweni mudzaudziwa patapita masabata angapo atakhazikika. Ndipo nsomba zotchedwa clownfish, zimene zimakhala pakati pa timanja ta anemone, sizifunsa dzina, zimalowa mwa Green wotchipa monga zimalowera mwa Sunburst. Wongoyamba kumene, gulani Green kapena Rose wathanzi, wa kamwa lotseka ndi phazi lathunthu.