Galimoto ya waya si chibwana

Anzanga, mu 1953 kampani ya Lesney ku England inayamba kupanga timagalimoto ta Matchbox, tokwana m'bokosi la machesi. Lero akuluakulu a imvi amasaka timagalimoto timeneti, kugula modula n'kusunga m'magalasi.

Nanga ife? Tikangolowa Fomu 1, galimoto ya waya timakaitaya kudzala, ati n'zaana. Koma taganizani: wopinda waya, kudula matayala pa patapata wakutha, n'kumanga chiwongolero chokhotetsa matayala akutsogolo, ameneyo wayamba Physics asanagwire buku. Wa Matchbox amangogula, ife timapanga tokha.

Ine ndikuti manyazi achepe. Tipemphe aphunzitsi a sayansi atipatse shelefu imodzi, aliyense abweretse yake, luso lisathere kudzala.

Mnzanu wa Fomu 2