Kodi Njira za pa Phiri la Mulanje n'za Alendo Okha?

Pali mau ena amene amamveka kaŵirikaŵiri m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ngakhalenso m'mizinda ya Blantyre ndi Limbe, munthu akangotchula za ulendo wokwera phiri. Anthu amaseka nati: "Zimenezo n'za azungu. Ife tidataya chiyani kumeneko?" Mauŵa amanenedwa mwanthabwala, koma ife sitipezamo choseketsa. Tikunena poyera kuti mau ameneŵa ali m'gulu la adani a phirili, pamodzi ndi macheka ndi moto wolusa. Pakuti njira imene eni ake aileka sikhala yopanda munthu ai. Amayendamo ena, ndipo si onse amene amayendamo ndi mtima wabwino.

Tiyeni tiyambe taona chimene anthu onena mauŵa akuchikana. Munthu wonyamuka ku Blantyre m'mamaŵa amafika pa Likhubula dzuŵa lisanatenthe, ndipo pamenepo amapeza ofesi ya zankhalango ndi anyamata otsogolera anthu m'phiri. Kuchokera apo pali njira ziŵiri zokwerera ku chidikha cha Chambe. Ina ndi ya Skyline, yachidule koma ya chitunda choŵaŵa, imene idatenga dzina lake ku chingwe chachitsulo chomwe kale ankatsitsira matabwa kuchokera pamwamba. Inzake ndi ya Chapaluka, yokwera pang'onopang'ono m'mbali mwa mtsinje, ndipo ndiyo imakafikitsa munthu pa Dziŵe la Nkhalamba, pomwe madzi a Likhubula amagwa pathanthwe n'kudzaza dziŵe lozizira ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Mwana wa zaka 10 angathe kufika pa dziŵeli ndi kubwerako tsiku lomwelo. Wopitirira amafika ku Chambe patapita maola atatu kapena anayi, naima pansi pa nsonga imene mbali yake ya kumadzulo ndi khoma la mwala lotalika pafupifupi mamita 1,700, limodzi mwa makoma aatali kwambiri mu Afirika.

Pamwambapo mpamene munthu amazindikira kuti Mulanje si chulu chimodzi chachikulu monga amaonekera kumseu, koma ndi dziko lathunthu la madambo audzu, zigwa za nkhalango ndi timitsinje tosaŵerengeka. Njira zimalumikiza tinyumba togonamo apaulendo: Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Minunu, Madzeka ndi Sombani, kalikonse ndi mlonda wake. Pa Chisepo mpomwe ambiri amagona pofuna kukwera Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 imene ilibe inzake m'Malaŵi muno. Wotsikira kumpoto kuchokera ku Sombani amatulukira pa mpata wa Fort Lister, pakati pa Mulanje ndi Michesi, pomwe padamangidwa linga m'chaka cha 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. M'nkhalangomo muli anyani, apusi, mbalame zamitundumitundu, ndiponso nadzikambe wina amene akatswiri adamutcha Nadzikambia mlanjensis, dzina lotengedwa m'chilankhulo chathu chomwechi.

Tsono tifunse: zonsezi zidakhala bwanji za azungu? Njira zambiri za m'phirimo zidapondedwa ndi mapazi a alenje, a anthu okapereka nsembe zopempha mvula, a othaŵa nkhondo, ndi a osenza matabwa pamutu. Lero lino amene amadziŵa mwala uliwonse wa m'njirazi ndi ana a m'midzi yozungulira phirili, ndipo mlendo wanzeru sasuntha phazi popanda iwo. Chaka ndi chaka anyamata ndi atsikana a kumeneko amachita mpikisano wothamanga kuchokera pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya ndi kutsikanso, mtunda wopitirira makilomita 20, ndipo opambana amatsiriza maola atatu asanakwane. Ndiponso pamene bungwe la UNESCO lidalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse m'chaka cha 2025, lidatero makamaka chifukwa cha miyambo ndi zikhulupiriro za Amang'anja, Ayao ndi Alomwe. Anthu akutali akutiuza kuti phirili ndi la makolo athu, pomwe ena mwa adzukulu a makolo omwewo akulipereka kwa alendo ndi pakamwa pao. Kodi si zamanyazi zimenezi?

Nkhaniyi ikadakhala ya manyazi okha, tikadaileka. Koma taonani chimene chachitika pamwambapo eni ake ali pansi. Phiri la Mulanje lidaikidwa kukhala nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1927. Pamenepo pokha, pa dziko lonse lapansi, mpomwe pamamera mwachilengedwe mkungudza wa Mulanje, mtengo wonunkhira bwino, wosadyedwa ndi chiswe, wotha kutalika mamita 40, umene m'chaka cha 1984 udatchulidwa kuti ndiwo mtengo wa fuko lathu. Pamene akatswiri adayendera phiri lonse m'chaka cha 2017, adapeza kuti mikungudza ikuluikulu yotsala inalipo 7 yokha. Ina yonse idachekedwa n'kutsika m'njira zomwezo zimene tatchula, thabwa limodzilimodzi, kukasanduka madenga, zitseko, mabwato ndi timabokosi togulitsa m'mbali mwa mseu. Mbande zomwe zikadaloŵa m'malo mwake zidapsa ndi moto woyatsidwa ndi alenje m'chilimwe, pakuti kamtengo ka mkungudza sikapirira moto.

Wina ati: "Nanga kukwera phiri kukadaletsa bwanji zimenezi? Imeneyo ndi ntchito ya boma." Zoonadi boma lili ndi mlandu wake, ndipo malamulo osatsatidwa sitingaŵaikire kumbuyo. Koma aŵerengi athu, mbala imakonda munda umene mwini wake saupondamo. Chiŵerengero cha mitengo yotha chikalembedwa m'nyuzipepala, munthu amaŵerenga n'kutembenuza tsamba. Koma munthu yemweyo akaima yekha pa chitsa chachikulu chimene anthu atatu sangachifungatire, utuchi ukali kununkhira, sabwerako ali chimodzimodzi. Iyeyo sangagulenso bokosi la mkungudza popanda kufunsa kumene lachokera. Iyeyo ndiye adzafunsa mfumu, khansala ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo za phirili, chifukwa akunena za chinthu chimene adachiona ndi maso.

Mlendo wochokera kunja sangatichitire zimenezi, ngakhale atakonda phirili chotani. Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Amabwera, amajambula zithunzi, amadandaula, napita kwao. Saponya voti kuno, sakhala pa bwalo la mfumu, ndipo samwa madzi a Likhubula chaka chonse. Tidaona m'chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utatseka maulendo a ndege, m'mene otsogolera alendo ndi onyamula katundu adasoŵera pogwira. Mnyamata amene dzulo ankadya chifukwa cha nkhalango yamoyo, maŵa lake njala ingathe kumutuma kukasenza thabwa. Mabanja a m'dziko momwe muno akamakwera phiri, kulipira wotsogolera ndi kugula nthochi ndi zinanazi m'midzi ya m'tsinde, mtengo woimirira umakhala ndi phindu looneka kwa anthu oyandikana nawo, ndipo phindulo silidalira ndege.

Tikudziŵa kuti ena atchula za umphaŵi. Ife sitikudzudzula mai amene akusoŵa ufa wa lero, ndiponso chala chathu sichikuloza kwambiri mnyamata wosenza thabwa, amene amalandira zochepa pomwe phindu lenileni likupita kwa amalonda a m'tauni. Tikunena ndi mabanja amene amapeza ndalama za minibasi yopita kunyanja pa Khirisimasi, za mpira, ndi za zovala zofanana pa ukwati uliwonse, koma ana ao afika Folomu 4 akudziŵa Sapitwa ngati yankho la pa mayeso chabe. Ulendo wa ku Dziŵe la Nkhalamba ufuna miyendo, mbatata yootcha, botolo la madzi, ndi ndalama za wotsogolera zimene gulu la anthu khumi lingasonkherane popanda wina kulira. Chimene chikusoŵa m'mabanja otere si ndalama, koma chidwi.

Enanso ati kuphiri kuli mizimu, ndipo dzina lokha la Sapitwa likuchenjeza. Nkhani za makolo ife sitizinyoza. Ankasimba za nkhalamba yooneka pa dziŵe lija, ndi za chakudya chimene munthu angachipeze m'njira chokonzakonza, choyenera kudya osaitana mnzake. Nkhani zotere zinkaphunzitsa munthu kuyenda m'phirimo modzichepetsa, osadula chilichonse mwachisawawa, ndipo mantha amenewo anali ngati mpanda wotchinga nkhalango. Koma taonani m'mene zinthu zatembenukira. Wocheka matabwa mantha adaŵataya kalekale, amagona m'phiri milungu ingapo. Amene atsala ndi mantha ndi ana asukulu ndi makolo ao. Motero mpanda uja lero ukutchinjiriza wakuba, osati mtengo.

Zoopsa zenizeni zilipo, ndipo tizinene mosabisa. M'miyezi yozizira chiperoni chimagwa mwadzidzidzi, nkhungu n'kuphimba njira mpaka munthu osaona mnzake ali pafupi. M'nyengo yamvula miyala imaterera ndipo mitsinje imadzaza m'kanthaŵi kochepa. M'chaka cha 2003 ndi cha 2009 alendo aŵiri ochokera kunja adatayika pa Sapitwa, ndipo onse aŵiri adakwera nsongayo okha. Safunsa adadya phula. Phunziro lake si lakuti tikhale pansi, koma lakuti titenge wotsogolera wodziŵika ku ofesi ya zankhalango, tisankhe miyezi yopanda mvula, tinyamule zovala zofunda, ndi kumvera akatiuza kuti tibwerere. Palibenso lamulo lakuti aliyense akafike pa Sapitwa. Agogo angathe kutsala pa dziŵe, achinyamata n'kupitirira ku Chambe.

Ndipo amene akuganiza kuti za phirili sizimukhudza ayambe wafunsa kumene madzi ake amachokera. Ruo, Thuchila, Likhubula ndi Lichenya zimabadwira pamwambapo n'kuthirira minda ya tiyi ndi ya anthu mpaka kukathira mu Shire. Phalombe ndi Sombani zimatsikira ku nyanja ya Chilwa. Kuyambira m'chaka cha 2019 mipope imatenga madzi a Likhubula kupita nawo ku Blantyre. Nkhalango ndiyo imamwa mvula n'kumaitulutsa pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe. Anthu a ku Phalombe sadaiŵale madzi ndi miyala zimene zidatsika m'phiri m'mwezi wa Malichi 1991, ndipo tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy m'mwezi womwewo wa 2023. Sitikunena kuti mitengo ikadaletsa mvula yoopsa chotero, koma mlimi aliyense amadziŵa kusiyana kwa madzi oyenda pa nthaka yofundidwa ndi oyenda pa nthaka yometedwa mpala. Ndiponso pansi pa udzu wa Lichenya pali miyala ya bokisaiti, ndipo nthaŵi ndi nthaŵi pamabuka ofuna kuikumba. Tsiku lokamba nkhani imeneyo, adzayankhulire Lichenya ndani ngati eni dziko sadziŵa ndi maonekedwe ake omwe?

Koma tichenjezenso: sitikuitana chigulu chokasandutsa phiri kukhala malo a phwando. Wokwera ndi zokuzira mau, wotaya mabotolo ndi mapepala apulasitiki m'dziŵe, wolemba dzina lake pathanthwe, wozula maluŵa ndi wosiya moto usanazime, ameneyo ndi mnzake wa wocheka matabwa, angosiyana chida. Chimene wakwera nacho utsike nacho. Bokosi la mkungudza ulisiye kwa wogulitsa, ngakhale akutsitsire mtengo.

Tsono inu makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a timagulu ta achinyamata, nkhaniyi taitula m'manja mwanu. Kuyambira m'chaka cha 2016 anthu a m'midzi yozungulira Mulanje, mothandizana ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, afesa ndi kubzala mbande za mkungudza zikwizikwi pamwamba pa phirili. Mitengo imeneyo idzatenga zaka makumi angapo kuti ikule, ndipo amene adzaiteteze kapena kuicheka ndi ana amene lero ali ku pulayimale. M'mera mpoyamba. Amene muli kutali ndi Mulanje muli ndi Zomba, Michiru, Dedza, Ntchisi, Viphya ndi Nyika, ndipo mau athu ndi omwewo. Musadikire kuti ana akule kapena kuti ndalama zichuluke, pakuti pakadafunda padajiwitsa galu. Sankhani Loŵeruka limodzi m'chilimwe chikubwerachi, mukonze kamba, mupeze wotsogolera, ndipo mukaŵaonetse anawo chitsa cha mkungudza ndi mbande yomera pambali pake. Akatsika, muŵafunse ngati phirilo n'la azungu.