Makina Okana Khofi wa Kwathu

Pa kabati m'nyumba mwanga kuno ku Mzimba boma pali makina ophikira khofi, akuda ndi onyezimira, ofunditsidwa kansalu koluka. Anabwera nawo alamu anga kuchokera ku Joni. Tsiku limene anafika, anansi anadzaza pabalaza kudzaona. Lero patha chaka, koma makapu a khofi amene makinawa atimwetsa sakwana khumi. Inu abale a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, nkhaniyi si yachilendo kwa inu, pakuti ana anu nawonso ali ku Joni, ndipo katundu wotereyu amatsika m'mabasi akwanu monga amatsikira kuno.

Vuto linayambira pa khoma. Pulagi ya ku South Africa ili ndi mano atatu obulungira, pamene soketi ya ku Malawi imalandira mano a makona anayi. Tinagula adaputa, ndipo inayamba kutentha ndi kununkha pulasitiki, chifukwa makina otere amakoka mphamvu yokwana mawati pafupifupi 1,000. Kasola kathu kounikira ndi kutchajira foni sikangawayendetse. Magetsi a ESCOM akazima, monga ankazimira kwa maola ambiri namondwe Ana atawononga Kapichira mu 2022, makinawa amasanduka chokongoletsera pabalaza.

Kenaka panabuka nkhani ya sefa. Makinawa amafuna sefa yapepala ya msinkhu wakewake, yogwira ntchito kamodzi n'kutaya. Paketi imene anabwera nayo itatha, ndinazungulira magolosale osaipeza. Madzi a pamjigo anasiya zoyera ngati laimu m'timapaipi ta mkati, timene dzanja kapena burashi sizingafike, khofi n'kuyamba kudontha ngati denga lothonya. Pomaliza jagi yake yagalasi, yopyapyala ngati chigoba cha dzira, inasweka m'manja mwa mwana wanga wamkazi akuitsuka. Ndinamukalipira, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi. Wolakwa sanali mwanayo. Wolakwa ndi mmisiri amene anakonza chiwiya chakuti kachidutswa kamodzi kakasweka, chonse chafa.

Koma chipongwe chenicheni ndinachiona kwa mnansi wanga. Makina ake salandira khofi wosinja wamba. Amangofuna timakapu totsekeratu ku fakitale, togulidwa kunja. Taganizani! Boma lino la Mzimba limalima khofi wa arabika. Ku mapiri a Khosolo alimi amathyola zipatso zofiira ndi manja, ndipo kopaletivi ya South East Mzimba ndi imodzi mwa zimene zimapanga Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, pamodzi ndi za ku Misuku, Phoka, Viphya ndi kumtunda kwa Nkhata Bay. Khofi ameneyu amamwedwa ndi kutamandidwa kutsidya kwa nyanja zamchere, koma makina okhala m'boma lomwelo amamukana pakhomo. Chipangizo chokana mbewu ya m'munda mwanu n'kumakutumani kukagula ya eni ake, chimenecho si chitukuko ayi, ndi chingwe cha m'khosi.

Wina anena kuti mphatso sainyoza. Zoona, ndipo alamu anga sindikuwanyoza. Ndikudandaula thukuta lawo. Munthu wagwira ntchito kudziko la eni, wadzimana, walipira mtengo wonyamulira katundu ulendo wonse wodutsa Beitbridge, kuti atipatse chinthu chokonzedwera khitchini ya ku Johannesburg, kumene magolosale ake amagulitsa masefa ndi majagi apadera. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ife olandira ndife timalimbikitsa zimenezi, chifukwa timaombera m'manja chonyezimira tisanafunse ngati chidzagwira ntchito mawa.

Winanso anena kuti popanda makina khofi sakoma. Ameneyo afunse anthu a ku Ethiopia, kwawo kwa khofi, amene mpaka lero amamuphika mu jebena, kamphika kadothi ka khosi lalitali. Afunse a ku Zanzibar ndi Mombasa, kumene ogulitsa kahawa akhala akuyenda ndi ketulo yamkuwa yokhala pa makala. Ngakhale sefa yapepala ija, Melitta Bentz wa ku Dresden anaiyambitsa mu 1908 ndi pepala la m'kope la mwana wake ndi kachitini koboola, popanda magetsi.

Ine ndabwerera ku mbaula. Ndimawiritsa madzi m'ketulo, kuphula, kuthira masupuni awiri a khofi wosinja pa kapu iliyonse, kuvundikira mphindi zinayi, kenaka kusefa ndi sefa ya tiyi kapena kansalu koyera. Magetsi azime, ayake, alendo anga amamwa.

Choncho mwana wanu akaimba foni kufunsa chimene abweretse, musachite manyazi kumufunsa mafunso atatu. Kodi chinthucho chimagwira ntchito magetsi atazima? Kodi chikawonongeka, mmisiri wa pamsika wathu angachikonze? Kodi chimalandira zimene timalima kuno? Ngati mayankho ake ndi ayi, muuzeni asunge ndalama yake, kapena atumize ya fizi. Ndipo inu amisiri okhoma ndowa ndi mbaula, tikhomereni ketulo yolimba yokhala ndi sefa yawaya mkati, yotsukika ndi dzanja. Mlimi wa ku Khosolo wachita kale mbali yake.