PAKHOMO PATHU: Tiyeni ku Likhubula ndi Banja Lonse



Mabanja ambiri a Chisilamu amatuluka pakhomo onse pamodzi pa zifukwa zitatu zokha: Eid, ukwati ndi maliro. Masiku ena onsewa bambo amakacheza yekha kwa anzake, mayi ali pamoto, ana ali kumadrasa kapena kuseri kwa nyumba. Mapeto ake mwana amakula akuganiza kuti chisangalalo chimapezeka kwa anthu ena, ndipo kuti chipembedzo chathu ndi cha zoletsa zokhazokha. Akadzasinkhuka amakachifuna chisangalalocho kumalo omwe ife makolo sitingakondwere nawo. Tsono m'kope lino tiyeni tikambirane za ulendo umodzi wosavuta umene bambo, mayi ndi ana angayende limodzi popanda kuphonya Swala ndi imodzi yomwe.

Malo ake ndi chigwa cha mtsinje wa Likhubula, patsinde pa phiri la Mulanje. Ambiri akamva za Mulanje amangoganiza za Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, yomwe imafuna masiku angapo ndi miyendo yolimba. Ulendo wathu sufika kumeneko ayi. Mukafika pa Chitakale mumalowa msewu wopita ku Phalombe, ndipo mukayenda makilomita pafupifupi 10 mwafika pa Likhubula, pomwe pali ofesi ya zankhalango. Kuchoka apo njira imakwera pang'onopang'ono m'chigwa, thanthwe lalikulu la Chambe likuonekera pamwamba panu, mpaka kukafika pa mathithi a Dziwe la Nkhalamba. Munthu wamkulu amayenda pafupifupi ola limodzi. Mukakhala ndi ana aang'ono werengerani maola awiri, chifukwa mwana amaima pa gulugufe aliyense.

Nthawi yabwino ndi kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Okutobala, mvula itasiya. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumagwa chiperoni, nkhungu ija yozizira yomwe imabwera mosachenjeza, choncho musaiwale majuzi a ana. Nthawi ya dzinja ulendowu usiyeni. Mvula ikhoza kugwa pamwamba pa phiri kumunsi kuli dzuwa, mtsinje n'kudzaza mwadzidzidzi. Anthu a ku Phalombe sadzaiwala madzi ndi miyala zomwe zidatsika m'phiri mu Malichi 1991, ndipo namondwe wa Freddy adachitanso zomwezo m'maboma a Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023. Paja akuluakulu amati mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi.

Sankhani Loweruka kapena tsiku la tchuthi kuti abambo ndi anyamata asaphonye Jumu'a. Nyamukani mukangoswali Subuhi. Mukafika pa Likhubula lipirani ndalama yolowera ndipo tengani mmodzi wa anyamata olondolera alendo omwe amadziwika pa ofesipo. Gwirizanani mtengo musanayambe kuyenda, ndipo pobwerera mumulipire thukuta lake lisanaume, monga momwe chipembedzo chathu chimatiphunzitsira pa za munthu wantchito.

Tsopano nkhani ya Swala, yomwe ambiri amainamizira kuti ndiyo imawaletsa kuyenda. Dhuhur ikupezani muli padziwe. Madzi a mtsinje woyenda ndi oyera, mukhoza kupangira wudhu. Fufuzani thanthwe louma kapena malo osalala, yalani chitenje choyera. Kibula kuno kwathu ili kumpoto, kupendekera pang'ono chakummawa. Imani mwakuti dzanja lanu lamanja liloze kotulukira dzuwa, ndiye kuti nkhope yanu yayang'ana kumpoto. Mnyamata wamkulu apange adhana, bambo atsogolere, mayi ndi atsikana aime pambuyo. Mwana amene waswali kumbuyo kwa bambo ake mathithi akulindima sadzafunsanso ngati Swala ndi ya mumzikiti mokha.

Amene achokera kutali, monga ku Mangochi, ku Balaka kapena ku Lilongwe, ndi apaulendo, pakuti adutsa mtunda wa makilomita pafupifupi 80 umene maulama amatchula. Iwowa akhoza kufupikitsa Swala za maraka anayi kukhala awiri, ndipo malinga ndi chiphunzitso cha Imam Shafi'i akhozanso kuphatikiza Dhuhur ndi Asr. Amene akukhala pa Chitakale kapena pa boma la Mulanje sali paulendo wotere, choncho aswali mokwanira, Swala iliyonse pa nthawi yake.

Amayi ndi atsikana asavutike ndi zovala. Diresi lalitali lokwekwereza pansi limakodwa m'zitsamba ndipo limagwetsa munthu pamiyala. Valani buluku lotakasuka mkati, pamwamba diresi lofika m'akakolo kapena chitenje, mpango womangidwa bwino kumutu, ndi nsapato zogwira pansi. Masilipasi atsale kunyumba. Padziwe pamabwera anthu osiyanasiyana, ena amasambira atavala zochepa. Si ntchito yathu kuwakalipira. Sunthani pang'ono, khalani poduka mphepo, ndipo abambo mukhale oyamba kutsitsa maso kuti anyamata atengere kwa inu.

Dziwelo ndi lakuya, madzi ake ndi ozizira kwambiri, ndipo miyala ya m'mbali ndi yoterera. Mwana asalowemo yekha ngakhale atanena kuti amatha kusambira. Aviike mapazi pamalo osaya, wamkulu atamugwira dzanja.

Kamba tengani wa kunyumba kuti pasakhale chikayiko cha halali: mbatata zophika, chapati, mazira, mtedza, tiyi wa m'fulasiki ndi madzi akumwa. Nthochi ndi zinanazi mugula m'mbali mwa msewu, poti ku Mulanje n'kwawo kwa zimenezi.

Ana adzamva kwa wolondolera kapena kwa anthu ena kuti dziwe limeneli ndi malo a mizimu, ndipo kuti makolo akale ankaperekapo nsembe. Musawatseke makutu, komanso musanyoze eni dera pamaso pawo, chifukwa ndinu alendo. Pobwerera afotokozereni anawo mofatsa kuti Msilamu sapempha kanthu kwa dziwe, mtengo kapena phiri, ndipo saponyamo ndalama kapena chakudya pofuna mwayi. Zonsezi ndi zolengedwa, ndipo wopemphedwa ndi Allah yekha amene adazilenga. M'Sura ya Al-Ghashiya, yomwe ana ambiri adailoweza kale kumadrasa, phiri lili pakati pa zinthu zomwe munthu akuuzidwa kuti aziyang'ane ndi kulingalira. Afunseni aiwerenge ali patsinde pa Mulanje, muone momwe nkhope zawo zisinthire.

Tisaiwalenso kuti phirili ndi amana m'manja mwathu. Lidakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO lidaliika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse lapansi. Mtengo wa mkungudza, umene udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto. Wina akakutsatsani kabokosi konunkhira kosemedwa ndi mtengo umenewu, kanani mwaulemu. Mapepala ndi mabotolo bwererani nazo. Mtumiki Muhammad (S.A.W.) adatiletsa kudzithandiza pamadzi, panjira ndi pamthunzi pomwe anthu amapumira, ndipo adatiphunzitsa kuti kuchotsa chopweteka panjira ndi sadaka. Madzi a Likhubula amamwedwa ndi anthu kumunsi. Mukakumana ndi amayi osenza nkhuni, apatseni moni ndi kuwapatukira njira, pakuti katundu ali pamutu pawo ndi wolemera.

Yambani kutsika ikamakwana 2 koloko masana kuti Maghrib ikupezeni muli kumsewu, makamaka nthawi yozizira pamene dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane.

Abambo anzanga, ndalama ya ulendowu ikhoza kusonkhanitsidwa pang'onopang'ono kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo mabanja awiri atha kugwirizana galimoto imodzi. Ngati Mulanje ili kutali, funsani za phiri kapena mtsinje wa kufupi ndi kwanu, malangizowa ndi omwewo. Amene muyende ulendowu kope lotsatira lisanatuluke, tilembereni mutiuze zomwe ana anu adaona.

Allah asunge mabanja athu popita ndi pobwera. Wassalamu alaikum.